Mitumbira Iwiri Pansi pa Msuku

Mzungu uja anandipeza pa msika wa ku Chipadze ndikuunjika tomato. Anali wamtali, imvi zitangoyamba kumene, khosi litapsa ndi dzuwa lathu. Dalaivala wake, Mshona, anandiloza ndi chibwano n'kunena kuti, "Ndivo ava," kutanthauza kuti ndi awa, kenako anabwerera m'galimoto kukadikira.

Mlendoyo anavula chipewa n'kulankhula Chingerezi chopindika, chimene ndinachimva bwino chifukwa nacho changa n'chopindika. Anati iye ndi mdzukulu wa adona amene amayi anga ankawaphikira kufamu, kuseri kwa mgodi wakale wa golide. Wachokera ku France. Wabwera kudzatenga mafupa a agogo ake kuti akawaike kwawo, ndipo zilolezo zonse za boma ali nazo.

Amayi anzanga pamsika anasiya kuitanira malonda. Adona anaikidwa m'manda athu a antchito, ndipo pambali pawo penipeni panagona amayi anga. Mitumbira ija inali iwiri, yofanana, yopanda chizindikiro. Ine mwana wawo sindinkadziwa kuti amayi ndi uti.

Amayi anabwera kuno kuchokera ku Dedza ali mtsikana, kutsatira mlongo wawo amene ankagwira ntchito mumgodi. Anapeza ntchito m'nyumba ya miyala ya pachitunda, ndipo anakalambira momwemo. Nyumbayo inali ndi nsanja yozungulira pakona, yopanda ntchito iliyonse kupatula kusunga mileme. Ife a pakomboni tinkaitchula kuti nkhokwe ya adona. Mwamuna wawo anaimanga kuti mkazi wake asamapukwe kwawo, koma atamaliza kuimanga iye ndiye anapukwa kwina, n'kupita ku Joni ndi mkazi wina osabweranso.

Nditakula ndinalowa ntchito yosita m'nyumba momwemo, ndiye mbiri ya kwawo kwa adona ndinaimva mpaka kuiloweza. Pamwamba pa malo osonkhapo moto panali chithunzi cha nyumba yachifumu ya makolo awo: chinyumba cha miyala chokhala ndi nsanja zosongoka, linga lalitali, ndi ngalande ya madzi yozungulira ponseponse. Akafuna kuyamba nkhani ankatiitana kuti tibwere m'Chilapalapa, chinenero cha mabwana ndi antchito, "Buya lapa!" Ife tinkadziwa kuti basi, simbi izizira.

Ankati kholo lawo loyamba linapatsidwa malowo ndi mfumu chifukwa chomenya bwino nkhondo. Ana ake ndi zidzukulu zake anakhala akuonjezera zipinda, uyu nsanja, uyu tchalitchi chaching'ono, uyu khola la akavalo loposa nyumba za anthu ogwira m'minda mwake. Kenako osauka a m'dzikomo anatopa. Anabwera ndi zikwakwa ndi miuni, anatentha mbali imodzi ya nyumbayo, mwini wake anamudula mutu. Mkazi wake anapulumuka atavala zovala za mayi wochapa, khanda atalibisa m'dengu la zochapa. Pamenepa adona mawu ankanjenjemera nthawi zonse, chifukwa khanda limenelo ndilo linapitiriza mtundu wawo.

Amayi ankadikira adona atuluke, kenako n'kundifunsa chapansipansi, "Nanga mwini wake zovalazo anathawa atavala chiyani?" Funso limeneli adona sanalimvepo, ndipo ndikukhulupirira kuti kwawo konse palibe amene analifunsapo.

Khanda lija litakula linabwerera n'kumanganso. Patapita mibadwo, asilikali a dziko lina anadzagona m'nyumbamo pa nthawi ya nkhondo, n'kumamangirira akavalo m'chipinda chodyera. Atachoka denga linayamba kudontha, banja linasauka, koma ulemu wokha sanautaye. Adona atakonda munthu wokumba miyala wopanda mtundu wodziwika, bambo awo anawauza kuti akatuluka pachipata asadzabwerenso. Anatulukadi. Chimene chinkawapweteka kwambiri chinali chimodzi. Pansi pa katchalitchi kaja pali chipinda chimene onse a mtundu wawo amagonekedwamo, aliyense pa alumali lake la mwala, dzina litasemedwa. Adona ankadziwa kuti mmenemo mulibe malo awo.

"Ndiye tikufanana, adona," amayi ankawayankha choncho. "Ifenso anzathu a kuno amati tilibe musha, tilibe mudzi." Ankanena zoona. Mshona akamwalira amapita naye kumudzi kwawo, ku Musana kapena kwina. Ife makolo athu anasiya midzi kutali, ndipo kwathu kunasanduka kankhalango ka masuku kuseri kwa komboni, kumene tinkaika anthu athu.

Zaka za chipwirikiti pa mafamu zitafika, azungu oyandikana nawo anachoka. Mwana wa adona anali atapita kale ku France ali mnyamata, ndipo ankangoimba foni mwa apo ndi apo. Adona anakana kuchoka. Minda inagawidwa, nyumba inalowa eni ena, adona anatsala ndi zipinda za kukhitchini, ndipo amene ankawasambitsa ndi kuwamwetsa phala anali amayi. Adona anamwalira pakati pa dzinja la mvula yoopsa, mlatho utamira, mafoni atafa. Thupi silikanadikira. Amuna a pakomboni anazula chitseko cha chipinda chosungira zakudya n'kukhoma bokosi, ndipo anakawaika kumasuku kuja pakati pa anthu athu.

Mvula yomweyo isanathe amayi anadwala m'mimba, ndipo sanachedwe. Asanatsirizike ananena kuti awagoneke pafupi ndi adona, poti nkhalamba ija singagone yokha pakati pa anthu osadziwa chinenero chake.

Maliro onse awiriwa ine sindinafike kumanda. Ndinali ndi pakati potopa, ndipo kwathu woyembekezera sayandikira dzenje kapena kuona nkhope ya maliro. Amayi akuluakulu ananditsekera m'nyumba. Nyimbo ndinkazimva zikutalikira, ine ndili pamphasa ndikulira ndekha. Nditachira, amalume, mlongo wa amayi uja, ananditengera kumanda. Anaima chapatali, anatambasula dzanja molozera mitumbira yonse iwiri n'kunena kuti, "Ndi apa." Panali timitanda tamatabwa tosalemba kanthu, ndipo chiswe sichinachedwe kutidya. Sindinafunse zambiri. Chaka ndi chaka ndinkalambula ponse pawiri, ndipo ndikamalankhula ndi amayi ndinkaima pakati.

Zonsezi ndinamufotokozera mzungu uja pamsika pomwepo. Ndinamuuzanso zimene sanafunse: kuti agogo akewo anafa akumwetsedwa phala ndi mayi wa ku Dedza, a mtundu wawo ali phee, ndiye lero awakumbukira bwanji atasanduka mafupa? Nkhope yake inafiira. Anati zolakwa za akuluakulu akuzidziwa. Nyumba yachifumu ya makolo awo ija akuikonza pang'onopang'ono, alendo amabwera kudzaiona, ndipo bambo ake asanamwalire anamulumbiritsa kuti mayi awo akagone ndi abale awo. Alumali alisema kale, dzina alembapo kale. Ndinkafuna kumuda munthuyo, koma zinandikanika, chifukwa nayenso anali wotumidwa ndi wakufa.

Ndinamuuza kuti nkhani ya manda ilibe ine mphamvu. Mwini mbumba ndi amalume. Adzukulu onse amene anakumba manda aja anali atamwalira kapena kubalalika, ndipo wotsala amene anaona ndi maso anali iwo okha.

Tinakawapeza ku Madziwa, kumene ankakhala ndi mwana wawo chitsekereni mgodi. Anali atakalamba zedi, diso limodzi litayera, koma liuma lawo linali likadali lachinyamata. Mzungu atawagwira dzanja ndi manja awiri n'kuwatchula kuti bwana, ndinaona mapewa awo akukwera. Munthu amene moyo wake wonse ankaitanidwa ndi likhweru mumgodi, lero mzungu wawoloka nyanja kudzafunsa nzeru kwa iye.

"Ndikudziwa bwinobwino," anatero amalume. "Medemu, adona ajawo, ali kumanja ukamalowa. Mlongo wanga ali kumanzere. Ndinaponya dothi ndine."

Mzungu atatuluka ndinagwada pafupi nawo. "Amalume, bwanji tingokana? Kufukula manda si ntchito ya anthu. Tiwauze atenge dothi la pamwamba, apite nalo."

"Iwe, munthu akufuna mbuya wake. Ukanakhala iwe? Mafupa a mayi ako akanakhala kuti angapite ku Dedza, ukanakana?"

"Nanga mukaphonya?"

"Aiwa, ine sindiphonya."

Masiku otsatira chakudya sichinkalowa. Tomato ndinkamupatsa munthu osaona nkhope yake. Anzanga a pamsika ena ankati ndikaitane abusa, ena ankati ndithawire kwa mwana wanga ku Harare mpaka zithe. Ndikanathawa bwanji? Paulendo woyamba ananditsekera m'nyumba, ulendo uno palibe akananditsekera.

Tinapita m'mawa dzuwa litakwera pang'ono. Panali galimoto ya kampani yoona za maliro, ndi amuna ake okumba ovala maovolosi, mayi wa zaumoyo wovala chophimba pakamwa, ndi wapolisi amene anangopeza mthunzi n'kukhala. Nyumba ya miyala ija tinaidutsa ilibe denga, nsanja yokha itaima, mbuzi zikutuluka pakhomo. Mzungu anaiyang'ana nthawi yaitali koma sanapemphe kuti tiime.

Malo onse ozungulira manda anali atasanduka maenje. Makorokoza, anyamata ndi madoda okumba golide paokha, anali atatembenuza nthaka kuyambira pamene panali komboni mpaka m'mphepete mwa masuku. Manda okha ndiwo anawaopa. Atationa anatuluka m'maenje mwawo, matope thupi lonse, n'kukhala pamilu ya dothi kuti aonerere.

Galimoto inaima kumsewu, ndipo tinalowa m'nkhalangomo kuchokera kumadzulo. Apa ndi pamene ndinazindikira vuto. Kale maliro ankachokera kukomboni, kum'mawa. Njira imeneyo inadyedwa ndi maenje kalekale, ndipo ine ndinali nditazolowera yatsopanoyi osaganizapo kanthu. Koma amalume anali asanapondeko kuno chisinthireni njira. Kumanja kwa munthu wochokera kum'mawa ndi kumanzere kwa wochokera kumadzulo.

Tinafika pansi pa msuku waukulu. Mitumbira ija inali pomwepo, yaphwa, masamba ouma ataikuta. Amalume anaima, anatsamira ndodo, anayang'ana uku ndi uku ndi diso lawo limodzi lija. Kenako anakweza ndodo n'kuloza wakumanja.

"Uyu."

Ndinawagwira mkono wa jekete. "Amalume, talowera njira ina. Kale tinkachokera uko."

"Ndikudziwa."

"Ndiye kumanja kwake kuti? Kwa kale kapena kwa lero?"

"Ndati ndikudziwa, ndawerengera kale zimenezo. Ukundiyesa mwana?"

"Sindikukuyesani mwana, koma tiyeni tizungulire, tikaime mbali inayo, muonenso bwino."

Aliyense anali akutiyang'ana. Mayi wa zaumoyo anafunsa m'Chishona ngati pali vuto. Mzungu ankayang'ana pakamwa panga, kenako pakamwa pa amalume, osamva kanthu. Ndinaona khosi la amalume likuuma. Kuzungulira mitumbira ija kukanakhala kuvomera pamaso pa mzungu, pa boma ndi pa makorokoza kuti mwana wa mlongo wawo wawakonza. Anatembenuka n'kundiyang'ana.

"Tsiku limenelo unalipo iwe?"

Sindinalipo. Ndi iwo omwe amene analamula kuti anditsekere, koma sindinalipo. Ndipo mwina analidi atawerengera, ndikanadziwa bwanji? Ndikanaumirira kuti akumbe winawo, n'kupezeka kuti ndi amayi, ndiye kuti ndawafukulitsa ndine ndi pakamwa panga. Ndinatembenukira kwa mzungu n'kumuuza m'Chingerezi kuti ine ndili ndi chikaiko. Iye anafunsa amalume kawiri ngati akutsimikiza. Amalume anamenya ndodo pansi n'kunena kuti, "Shuwa, bwana." Mayi wa zaumoyo anati mboni yoona ndi maso ndi imodzi, ndipo dzuwa likukwera. Anagwedeza mutu kwa okumba aja.

Piki yoyamba italowa m'nthaka ndinaimva m'mano. Kwathu adzukulu akamakumba manda amacheza, amaseka, amatukwanizana kuti ntchito ipepuke. Awa ankakumba chete. Ngakhale makorokoza aja, anthu osadziwa kutseka pakamwa, anali duu. Kunkangomveka fosholo ndi mizu ya msuku ikuduka.

Ndinakhala pansi pafupi ndi mtumbira winawo, dzanja langa lili pa dothi lake. Mumtima ndinkangoti, amayi, khalani muno, chonde khalani muno. Ndinapemphera mapemphero onse amene ndimawadziwa, ena ndinawayamba osawamaliza. Mzungu anabwera n'kundipatsa botolo la madzi, ine ndinapukusa mutu. Anayamba kundiuza kuti katchalitchi kaja kali ndi zenera la magalasi amitundumitundu, ndipo dzuwa likamalowa kuwala kumafika mpaka pa masitepe otsikira kwa akufa. Ndikuganiza kuti ankafuna kundisonyeza kuti agogo ake akupita pabwino. Ndinamuuza kuti akhale chete, ndipo anakhaladi chete.

Amalume sanakhale pansi. Anaima m'mphepete mwa dzenje, chibwano m'mwamba. Koma dzenje likamazama ndinaona kuti ayamba kucheukacheuka. Ankayang'ana kumsewu, n'kuyang'ana kumaenje kumene kunali komboni, milomo ikuyenda. Kenako anasuntha pang'onopang'ono, ngati akungowongola miyendo, mpaka anakaima mbali ya kum'mawa. Ataima kumeneko anayang'ana mitumbira ija, wakumanja kenako wakumanzere, mobwerezabwereza.

Ndinaimirira. "Amalume, nenani. Auzeni aime."

Anatsegula pakamwa. Sindikudziwa ngati akananena, ndipo sindinawafunsepo mpaka lero. Nthawi yomweyo fosholo inagunda thabwa.

Okumba anasiya zitsulo n'kuyamba kupalasa ndi manja ovala magolovesi. Matabwa anali ofumbwa, ankangonyenyeka akawagwira. Mayi wa zaumoyo anatiuza kuti tisunthire kumbuyo, koma ine miyendo inanditengera kutsogolo. Mmodzi wa okumbawo ananyamula chidutswa chachikulu cha chivundikiro n'kuchiika pambali.

Ndinaona nsalu yoyera, yoderako ndi dothi koma yosaola, ya kolala yozungulira ndi mabatani akuluakulu. Inali bulauzi ya amayi a kutchalitchi kwathu. Bulauzi imeneyo ndinaisita ndine m'mawa wa maliro, n'kuipereka pazenera kwa amayi osambitsa thupi.

Sindikukumbuka kuti ndinakuwa, koma akuti kukuwa kwanga kunamveka mpaka kumsewu. Chimene ndikukumbuka ndi makorokoza aja akuvula zipewa mmodzimmodzi, ndi amalume atakhala pansi m'dothi lofukulidwa, miyendo atatambasula, akungoti, "Mlongo wanga, mlongo wanga, ndakuvula." Mzungu anagwira kukamwa. Ankabwereza mawu opepesa m'Chingerezi ndi m'chinenero chakwawo. Ndinakwiya naye, ndinakwiya ndi amalume, ndinakwiya ndi chinyumba chake cha miyala ndi maalumali ake osemedwa, chimene chili kutsidya kwa nyanja koma chatha kufika kuno kudzasokoneza tulo ta mayi amene sanachionepo.

Mayi wa zaumoyo anati akwirire msanga. Popeza chivundikiro chinali chitaphwanyika, mmodzi wa okumba anathamangira kugalimoto n'kubwera ndi chipepala chakuda cha pulasitiki, chonga chimene timafunditsa makala pamsika mvula ikamagwa. Anayamba kuchitambasula.

"Ayi," ndinatero. "Chimenecho ayi."

"Amai, ndizvo zvatinazvo," anayankha, kutanthauza kuti china alibe.

Ndinamasula chitenje changa m'chiuno. M'kati ndinali nditangovala kasiketi kakale kong'ambika m'mbali, kosayenera kuonedwa ndi amuna, koma manyazi anali atandithera. Ndinapereka chitenjecho kwa okumba aja, iwo anangoyang'anana. Sankadziwa kuti mutu uli kuti, ayambire pati, ndipo ankaopa. Ndiye ndinakhala m'mphepete mwa dzenje, miyendo m'kati. Mayi wa zaumoyo anati sizololedwa. Wapolisi anadzuka pamthunzi paja, koma sanayandikire. Amene anandigwira dzanja kuti nditsike anali amalume, akukwawa ndi mawondo.

Pansi panali pozizira, pakununkha dothi lonyowa. Ndinaponda m'mbali mosamala kuti ndisawaponde. Ndinagwada.

"Amayi, ndine. Pepani, takudzutsani."

Amayi anali munthu wathupi, woti akakhala pampando wa m'khitchini mpando unkalira. Ndinayala chitenje kuyambira kumutu, n'kumachikokera pang'onopang'ono kumiyendo, ndikuda nkhawa kuti chiperewera. Chinawakwana onse, n'kutsalako china choti ndipinde.